Wojambula katuni ndi mzikiti wa mnansi wake

Banja lathu lili ndi gulu la pa WhatsApp, ndipo m'gulumo muli Akhristu ndi Asilamu chifukwa ndi mmene mtundu wathu ulili. Mayi anga amapemphera ku Anglican, pomwe alongo awo, amalume anga, ndi Msilamu wosaphonya swala. Nthawi ina chaka chatha munalowa makatuni awiri motsatizana. Yoyamba inali ya mneneri wa masiku ano, suti ili waliwali, akulowa m'galimoto atakumbatira thumba la ndalama. Kumbuyo kwake kunaima mayi wamasiye, mwana kumsana, m'manja kabotolo ka mafuta odzozera, akumubayibitsa kuti, "Muyende bwino, adadi." Tonse tinaseka, Akhristu ndi Asilamu omwe. Yachiwiri anaitumiza mnyamata wina, mwana wa msuweni wanga, ataitola kaya kuti pa intaneti. Inali yojambulidwa kunja, yonyoza Mtumiki Muhammad, ndipo sindiifotokoza. Gulu lonse linangoti zii. Pofika madzulo amalume anali atatulukamo.

Mnyamatayo atadzudzulidwa anafunsa kuti, "Nanga ija ya mneneri munaseka bwanji? Si katuni yomweyo?" Anthu anamukalipira kuti alibe mwambo, koma funso lakelo palibe analiyankha. Ine ndikuona kuti ndi funso loyenera yankho, chifukwa ana athu akukula ndi mafoni odzaza zithunzi zotere, ndipo tikangowauza kuti "khala chete" adzatiyesa achinyengo amene amaseka za chipembedzo pokhapokha chikhale cha wina.

Ndiyambe ndi kuno kwathu. Nkhotakota ndi amodzi mwa malo amene Chisilamu chinayambira kuzika mizu m'dziko muno, kuyambira cha m'ma 1840 pamene Salim bin Abdullah, amene anatchuka ndi dzina loti Jumbe, anafika kuchokera kugombe la kum'mawa nakhazikitsa malonda a minyanga ndi akapolo. David Livingstone anadzafika cha m'ma 1860, ndipo mtengo umene amati anakumaniranapo ndi Jumbe mpaka lero alendo amakaujambula. Kenako anabwera amishoni a Anglican. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, anaikidwa m'tchalitchi cha All Saints konkuno. Mbiri imeneyi ili ndi zilonda, ndipo wofuna kutukwana mnzake sangasowe pogwira: wina adzakumbutsa za akapolo, wina adzakumbutsa kuti mtanda unabwera limodzi ndi atsamunda. Komabe kuno ukakhala ndi ukwati kapena maliro, umaitana Msilamu kuti adzazinge mbuzi, cholinga choti aliyense adye momasuka. Pa Idi mpunga umalowa m'nyumba za Akhristu, pa Khirisimasi umabwerera. M'bwato limodzi mumakhala wopemphera Lachisanu ndi wopemphera Lamulungu, ndipo mwera ukawuka onse amapalasa mbali imodzi. Mtendere umenewu sunagwe kumwamba. Anthu anauphunzira, ena movutikira, ndipo gawo lalikulu la phunzirolo ndi kudziwa zoti zina sunena pamaso pa mnzako ngakhale ukuziganiza.

Nkhani ya makatuni a chipembedzo inatchuka dziko lonse pa 30 Seputembala 2005, pamene nyuzipepala ya Jyllands-Posten ya ku Denmark inasindikiza zithunzi 12 za Mtumiki Muhammad. Chimodzi chinamuonetsa atavala nduwira yokhala ngati bomba. Akonzi ake ankati akufuna kuona ngati ojambula akuopa Chisilamu. Kumayambiriro kwa 2006 maofesi a akazembe a Denmark anatenthedwa ku Damascus ndi ku Beirut. Ku Maiduguri, m'dziko la Nigeria, matchalitchi anayaka ndipo anthu anaphedwa, anthu oti nyuzipepalayo sanaionepo ndi maso. Pa 7 Januwale 2015 anyamata awiri apachibale analowa ndi mfuti mu ofesi ya Charlie Hebdo ku Paris, nyuzipepala imene inkasindikizanso makatuni a Mtumiki, ndipo tsiku limenelo anapha anthu 12. Mmodzi mwa ophedwawo anali wapolisi Ahmed Merabet, Msilamu, amene anamuwombera ali gone pamsewu. Mu Okutobala 2020 mphunzitsi Samuel Paty anadulidwa mutu chifukwa choonetsa ana a sukulu ena mwa makatuniwo pophunzitsa za ufulu wolankhula.

Apa sindikufuna kuzungulira. Palibe chithunzi, kaya chonyansa motani, chimene chingapatse munthu chilolezo chokhetsa magazi. Ndikamva wina akuti "anaziyamba dala" mtima umandiwawa, chifukwa mawu amenewo amasandutsa wakupha kukhala woweruza. Ku Sokoto, m'dziko la Nigeria, mu Meyi 2022 mtsikana wa pa koleji anagendedwa ndi kutenthedwa ndi ophunzira anzake chifukwa cha uthenga wa mawu umene anatumiza m'gulu la kalasi pa WhatsApp. Tikalola maganizo oti mkwiyo wa wopembedza ndi khoti, tsiku lina adzakhala mwana wa ku Salima kapena wa ku Dwangwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma kukana kupha sikutanthauza kuti ndiwombere m'manja chithunzi chilichonse. Ndipo pali bodza lina limene ndimalikana, loti kuseka za chipembedzo ndi khalidwe la azungu limene ife sitilidziwa. Amene amanena zimenezi sanaimepo pabwalo la gule.

Gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi zilombo zimene ntchito yake ndi kuseka anthu. Pali Simoni, wa nkhope yofiira, mzungu wopsa ndi dzuwa, woyenda modzikuza. Pali Mariya, amene dzina lake aliyense akudziwa kumene linachokera. Zilombo zimenezi zinatuluka nthawi imene amishoni ankalalikira kuti gule ndi wa Satana ndi kuletsa Akhristu kupita kudambwe. Eni mudzi analibe nyuzipepala, analibe mfuti zofanana ndi za boma, ndiye anatenga mayina opatulika a alendowo n'kuwavinitsa pafumbi, amayi akuimba, ana akuthawa uku akuseka. Amishoni ambiri zinawapweteka kwambiri, ndipo mikangano ya nyau ndi mishoni inatenga zaka. Chodabwitsa n'chakuti lero ukafuna kuona nkhope zambiri za gule pamalo amodzi, umatsika msewu wa M5 kudutsa Salima mpaka ku Mua, pa mishoni ya Akatolika. Kumeneko wansembe wa ku Canada, bambo Claude Boucher, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare anasonkhanitsamo nkhope mazanamazana. Mpingo umene unkasekedwa unadzafika pomvetsa kuti m'kusekako munali uthenga woyenera kuumva.

Ndikayang'ana Simoni ndimaona zinthu ziwiri. Choyamba, amene ankasekedwa ndi amene anali ndi mphamvu: sukulu inali yake, chipatala chake, bwanamkubwa mnzake. Chachiwiri, zinkachitika pabwalo lodziwika, pa nthawi yodziwika, pakati pa anthu oti mawa akumananso pachitsime. Chimodzimodzi adzukulu pamaliro, amene amatha kunena nthabwala zoti wina atanena akhoza kulipitsidwa mbuzi. Chimodzimodzi asuweni akamanyozana. Chilolezo chosekacho chimachokera mu ubale, ndipo woseka amasenzanso udindo: mdzukulu yemweyo ndi amene akumbe manda dzuwa lili pamutu. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Katuni ya mneneri ndi mayi wamasiye inatitsina khutu tonse, chifukwa aliyense wa ife amadziwa mayi wotero, wogulitsa usipa pamsika, amene anapereka mpamba wake wonse kuti "abzale mbewu". Inajambulidwa ndi munthu amene zimamuwawa. Katuni ya nduwira ya bomba inauza Msilamu aliyense, kuyambira wogulitsa mandasi mpaka shehe, kuti chimene amachikonda koposa moyo wake ndi uchigawenga. Ndipo inajambulidwa m'dziko limene Asilamu ndi ochepa, ambiri a iwo obwera. Foni ikainyamula kuchokera ku Denmark kudzaitula ku Linga, kuno ku Nkhotakota, imafika yopanda bwalo, yopanda mwini, yopanda woti n'kumuitanira pamphasa kuti afotokoze.

Patapita masiku ndinapita kukawaona amalume. Ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde. Titapatsana moni ndinati, "Malume, mwatithawa bwanji m'gulu muja?" Iwo anati, "Mwanawe, ndikanakhalamo ndikanalemba mawu oti mayi ako sakanawaiwala. Ndinaona kuti bola ndichoke." Ndinawafunsa ngati akanakonda kuti mnyamata uja amangidwe. Anaima kaye kusoka. "Amangidwe chifukwa chiyani? Kundende akaphunzirako chiyani za Mtumiki? Mumuuze abwere adzadye nafe, ndimuuze chifukwa chake ife sitijambula nkhope ya Mtumiki, ngakhale ya Isa, ngakhale ya Musa." Mfundo imeneyi Akhristu ambiri sitiidziwa. Ife tinakulira m'matchalitchi okhala ndi zithunzi za Yesu pakhoma ndi pa kalendala, ndiye timaganiza kuti vuto ndi kunyoza kokha. Kwa Asilamu ambiri kujambula kumene nkhope ya mneneri ndi kulakwa, ngakhale wojambulayo atakhala ndi cholinga chabwino. Amalume anandikumbutsanso ndime ya mu Qur'an, sura 6 ndime 108, imene imaletsa Msilamu kutukwana zimene ena amapembedza, kuopa kuti nawonso angatukwane Allah mosadziwa. Anati ndime imeneyi mashehe ena amaiiwala akagwira chimkuzamawu.

Nafenso Akhristu tisadziyeretse. M'buku lathu lomwe muli chipongwe chakuthwa: pa 1 Mafumu 18:27 Eliya akuseka aneneri a Baala kuti afuule kwambiri, mwina mulungu wawo ali paulendo kapena wagona. Pa Mateyu 23 Yesu akutcha atsogoleri a chipembedzo manda opaka njereza. Choncho Mkhristu sangaime n'kunena kuti chipembedzo sichidzudzulidwa ndi nthabwala. Ndipo tikamadandaula za ulemu, tikumbuke zimene zimatuluka m'maguwa athu ndi m'misonkhano ya pamsika ponena za anthu a gule, za Arasta, za Asilamu. Ambiri amene amakwiya ndi katuni ya mpingo wawo amaseka mpaka misozi mlaliki akamanyoza wolowa gule.

Tsopano za malamulo, pomwe ndimasiyana ndi anzanga ambiri opemphera. Malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, amapereka pa gawo 33 ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, pa gawo 35 ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo pa gawo 36 ufulu wa atolankhani. Gawo 44 limalola kuchepetsa ufulu pokhapokha ngati pali lamulo lotero, ngati n'zomveka, ndiponso ngati n'zofunikadi m'dziko la demokalase. Koma m'buku la milandu ndi zilango, Penal Code, limene tinatengera kwa atsamunda, muli gawo 130. Gawoli limati wolemba, wolankhula kapena woonetsa chinthu ndi cholinga chopweteka mtima wa wina pa za chipembedzo chake akhoza kukhala m'ndende chaka chimodzi. Kuwonjezera apo pali lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti, limene lamangitsa kale anthu chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi WhatsApp.

Ine gawo 130 ndimaliopa. Kupwetekedwa mtima kulibe sikelo. Amene adzathamangire kupolisi ndi lamulo limeneli si mayi wamasiye uja, koma mneneri wa galimoto, amene ali ndi maloya ndi anzake m'boma. Adzanena kuti katuni yamupweteka pa chikhulupiriro, pomwe yamupweteka m'thumba. Ndipo amene adzayambe kugwidwa nalo ndi ochepa mphamvu: Mrasta, wa gule, munthu wosapembedza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Akhristu ndi oposa 77 pa anthu 100 alionse, Asilamu pafupifupi 14. M'dziko lotere lamulo loteteza "mitima ya opembedza" limathera kuteteza gulu lalikulu.

Tili ndi chifukwa chinanso chosakhulupirira boma pa nkhani ya pakamwa pa anthu. Kunali konkuno ku Nkhotakota, pa msonkhano wa chipani mu 1960, kumene Kamuzu Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse. Mu 1968 kunabwera lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo tinakhala zaka zambiri tikunong'onezana ngakhale m'nyumba zathu. Makatuni a nthawi imeneyo, a Joza ndi Pewani, ankatiseketsa ndi za m'tauni ndi za m'banja, koma nkhope ya Ngwazi palibe akanayerekeza kuikhotetsa. Amene anang'amba chinsalucho anali anthu a chipembedzo. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, boma linaitcha youkira, kupezeka nayo unakhala mlandu, ndipo mmodzi mwa osayina, John Roche, anathamangitsidwa m'dziko. Chaka chomwecho kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee (PAC), mmene Akhristu ndi Asilamu anakhala pamodzi kukankha boma mpaka riferendamu ya Juni 1993. Mu 1994 dziko la Akhristu ambiri linasankha Msilamu, Bakili Muluzi, kukhala mtsogoleri. Ufulu wolankhula umene ojambula akuugwiritsa ntchito lero anaumenyera ndi ansembe, abusa ndi mashehe. N'zomvetsa chisoni kuona olowa m'malo awo akupempha apolisi kuti atseke pakamwa anthu.

Sindikunena kuti lamulo lilibe malo. Lili nawo, pamene chithunzi chasiya kudzudzula chikhulupiriro kapena mtsogoleri n'kuyamba kukonzekeretsa anthu kuvulaza anzawo. Ku Rwanda nyuzipepala ya Kangura, imene inayamba mu 1990, inkadzaza masamba ndi makatuni onyazitsa Atutsi, makamaka amayi, zaka zingapo zikwanje zisanatuluke mu 1994. Mkonzi wake Hassan Ngeze anapezeka wolakwa ku khoti la ku Arusha mu 2003. Ku Germany Julius Streicher, mwini nyuzipepala ya Der Stürmer imene inkajambula Ayuda monyansa, ananyongedwa mu 1946. Chithunzi chonena kuti anthu akutiakuti ndi tizilombo, achotsedwe pakati pathu, chimenecho apolisi achitsatire, kaya chajambulidwa ndi Mkhristu kaya Msilamu. Malire a lamulo akhale pa moyo ndi chitetezo cha munthu. Zotsalazo, zopweteka mtima koma zosaitana chikwanje, tili ndi njira zathu zozithetsera.

Njirazo taziona zikugwira ntchito. Ku South Africa mu Meyi 2010 wojambula makatuni Zapiro anajambula Mtumiki mu nyuzipepala ya Mail & Guardian. Bungwe la akuluakulu a Chisilamu linapita kukhoti kuti nyuzipepalayo isatuluke, khoti linakana. Panali oopseza, inde, koma atsogoleriwo anasankha kukakhala pansi ndi akonzi, ndipo nyuzipepalayo inanena poyera kuti ikumva chisoni ndi ululu umene chithunzicho chinadzetsa. Palibe anafa, palibe anamangidwa. Kuno kwathu, mu Novembala 2019, nkhani ya hijabu pa sukulu ya Mmanga ku Balaka inafika pogendana ndi kuphwanya nyumba zopemphereramo. Anadzaithetsa ndi zokambirana zimene PAC inatsogolera, mpaka mgwirizano wa 2021 wolola atsikana a Chisilamu kuvala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Zinatenga nthawi, koma zinatheka popanda wina kugonja pamaso pa mnzake.

Mnzanga wina, mphunzitsi ku Salima, amene anasiya kupemphera kalekale, amanditsutsa pamenepa. Amati, "Achimwene, mukati tiseke amphamvu okha, mukuiwala kuti m'mudzi mwathu wamphamvu ndi chipembedzo chomwecho. Mtsikana wokakamizidwa ukwati, amene akumupondereza si shehe kapena mbusa chabe, ndi chiphunzitso chimene." Akunena zoona, ndipo sindimuyankha mopepuka. Chiphunzitso chilichonse chiyenera kufunsidwa, ndipo wosakhulupirira ali ndi ufulu wonena kuti zonsezi sakuzikhulupirira, osaopa kugendedwa kapena kuchotsedwa ntchito. Chimene ndimamuuza n'chakuti wojambula adzifunse kuti chithunzi chake chikafika m'manja mwa mtsikanayo chimuthandiza chiyani. Ukajambula nkhalamba ikukoka mwana wa yunifolomu kupita naye kuukwati, mlaliki akudalitsa, makolo ambiri a m'mzikiti ndi m'tchalitchi adzachita manyazi ndipo ena adzakhala mbali yako. Ukajambula Mtumiki kapena Yesu monyansa, onse adzatseka makutu, mlaliki uja adzasanduka ngwazi yoteteza chipembedzo, ndipo mtsikanayo adzakwatiwabe.

Ndiye chimene ndikupempha kwa ojambula athu si mantha. Ndikufuna alimbe mtima kuposa panopa, chifukwa pali zambiri zochitika m'dzina la Mulungu zimene pensulo yawo sinazikhudze mokwanira. Pali alaliki ouza odwala kuti ataye ma ARV poti apemphereredwa, anthu n'kufa. Pali andale amene nthawi ya kampeni amavala chisoti m'mzikiti Lachisanu, Lamulungu n'kukagwada kutsogolo kwa tchalitchi ndi envulopu, atsogoleri a mapemphero n'kuwatcha odzozedwa. Pali chakhumi chosawerengedwa pamaso pa mpingo, ndi thandizo la ana amasiye lothera kumanga nyumba ya mtsogoleri. Ndipo pali nkhani imene imandisowetsa tulo, ya agogo athu. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawaganizira ufiti, mphezi itapha mtsikana. Lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti, koma mpaka lero alipo "aneneri" amene pamapemphero amauza wodwala kuti amene akumulodza ndi gogo wa kwawo, ndipo achinyamata amanyamuka pomwepo ndi miyala. Wojambula amene adzaike mneneri wotero papepala, chala chikuloza gogo wonyamula nkhuni, adzalandira matelefoni oopseza ndipo ena adzafuna kumusumira ndi gawo 130. Tsiku limenelo ndikufuna amalume anga, ansembe a ku All Saints ndi mashehe a ku Linga adzakhale oyamba kunena kuti munthuyo asamangidwe, ndi kupempha aphungu athu kuti gawolo aliunikenso.